KUBADWANSO KWA NZERU KU ULAYA

Nkhani yokambidwa pa wailesi ndi Mlangizi wa za Malimidwe

 Masiku onse timakamba za m'munda, koma lero tiyeni titsamiritse khasu pa nkhokwe, ndikusimbireni mbiri ya dziko lakutali. Ndiyo mbiri ya anthu a ku Ulaya, makamaka a dziko la Italy, kuyambira caka ca 1350 kufikira ca 1650 kapena pafupi pamenepo. Nyengo imeneyi ophunzira amaicha Renaissance, liu la Cifalansa, ndipo tanthauzo lace ndilo kubadwanso. Zimene zinabadwanso ndizo luso la kujambula ndi kumanga, nzeru za cilengedwe, ndi njala ya maphunziro.

Kapena wina afunsa kuti, Nanga ife za Azungu akale-kale tiri nazo ciani? Yankho lace ndi ili: anthu amenewo anakumana ndi mlandu umene umafika pa bwalo liri lonse. Mlanduwo ndi wakuti, mau a akuru akasiyana ndi zimene maso athu alikuona, titsate ziti? M'mene iwo anauweruzira ndiyo nkhani yathu.

ZAKA ZA PAKATI

Kale-kale Aroma anali kulamulira mbali yaikuru ya Ulaya. Iwo pamodzi ndi Agriki analemba mabuku ambiri a zamankhwala, a nyenyezi, a malamulo ndi a malimidwe. Koma m'caka ca 476 ufumu wao wa kumadzulo unagwa. Miseu yambiri inamera chire, mizinda inacepa anthu, ndipo odziwa kuwerenga anatsala pang'ono. Zaka pafupi-fupi 1,000 zotsatapo amazicha Zaka za Pakati.

Tisaganize kuti anthu a nthawi imeneyo anali opusa ai. Ndiwo anawanditsa khasu la ng'ombe lolemera lotembenuza dothi la makande, anacurukitsa mphero zoyenda ndi madzi ndi mphepo, anapeza magalasi a maso, ndiponso anayamba sukulu zazikuru ku Bologna, ku Paris ndi ku Oxford. Koma anali ndi mabvuto awiri.

Loyamba, mabuku anali osowa. Buku liri lonse anali kulilemba ndi manja, pa zikopa za nkhosa kapena za ana a ng'ombe, ndipo Baibulo lalikuru limodzi linali kutha zikopa zoposa 100. Taganizani, khola lathunthu kulowa m'buku limodzi! Cifukwa cace mabuku anali a Mpingo ndi a anthu acuma okha, ndipo ambiri a mabuku akale anaiwalika.

Laciwiri, kwa ophunzira ambiri buku ndilo linali kutha mlandu. Akatsutsana za thupi la munthu kapena za mankhwala, anali kutsegula buku la munthu wakale, naleka pomwepo. Ocepa okha ndiwo anali kupita kukaona cinthuco ndi maso.

MLIRI NDI MALONDA

Cakudza siciimba ng'oma. M'caka ca 1347 zombo zamalonda zinafika pa cisumbu ca Sicily zitatenga mliri woopsa, umene umayenda ndi nthata za makoswe. Pofika 1351 unali utapha munthu mmodzi mwa atatu ali onse a ku Ulaya, ndipo m'malo ena kuposa pamenepo. Asing'anga ophunzira anatsegula mabuku ao, koma sanapezamo cowathandiza. Minda inasowa olima, kotero kuti anchito otsalawo anayamba kukana malipiro akale nafuna oonjezera.

Mizinda ya ku Italy inadzuka msanga cifukwa ca malonda. Venice ndi Genoa inali ndi zombo zopita kwa Aarabu, amene makolo athu ankawacha Aluya. Florence inalemera ndi nsaru za ubweya wa nkhosa ndi mabanki. Tsono wamalonda safuna nzeru za m'kamwa zokha: afuna kalaliki wodziwa kulemba ndi kuwerengera. Manambala amene timalemba lerowa anacokera ku India, napyola mwa Aarabu. Mtaliyana wina, Leonardo wa ku Pisa, anawaphunzira ali mnyamata ku Bugia, mzinda wa kumpoto kwa Africa, nawalongosola m'buku lace m'caka ca 1202. Aroma polemba 48 anali kulemba XLVIII. Tayesani kuwerengera mtengo wa matumba anu ndi zilembo zotere muone thukuta lace. Pepala nalonso linacokera ku China, ndipo Aarabu ndiwo analifikitsa ku Ulaya. Motero mbeu za kubadwansoku sizinali za pfuko limodzi ai.

KUSAKA MABUKU OTAYIKA

Munthu amene ambiri amati ndiye anayatsa moto ndi Francesco Petrarca, amene anamwalira m'caka ca 1374. Iye anakonda mabuku a Aroma kotero kuti anayenda maiko kuwafuna-funa, ndipo m'caka ca 1345 anapeza ku Verona akalata a Cicero, mkuru wa Aroma, amene anali ataiwalika. Ena anamtsanza. M'caka ca 1416 kalaliki wina wa Papa, dzina lace Poggio Bracciolini, anapita ku St Gall, m'dziko limene tsopano ndi Switzerland, ku nyumba ya anthu odzipatula a Mpingo. Kumeneko anapeza mabuku a mtengo wapatali ali pansi pa nsanja ya mdima, atakwiririka ndi pfumbi. Anawakopera ndi manja ace, nawatumiza kwa abwenzi ace ku Italy.

Mwa mabuku amene Poggio anawabweza poyera m'zaka zimenezo munali limodzi lotikhudza ife alimi. Analilemba Columella, Mroma wobadwira ku Spain, amene anali ndi moyo masiku a Atumwi. Pa ciyambi pace akamba za dandaulo limene analimva kwa akuru a ku Roma, lakuti nthaka yakalamba monga mkazi amene waleka kubala. Kodi si mau omwewo timawamva m'midzi mwathu? Columella anakana. Iye anaphunzitsa kuti nthaka sikalamba, koma imafooka eni ace akaleka kuisamala. Ndipo analangiza kuthira manyowa, ndi kubzala mbeu yonga nyemba yochedwa lupin ndi kuikwirira ikali yaiwisi.

Mabuku a Agriki anabvuta koposa, popeza ku Italy odziwa Cigriki anali osowa. Koma mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. M'caka ca 1397 a ku Florence analandira mphunzitsi wocokera ku Constantinople, dzina lace Manuel Chrysoloras, ndipo mzindawo utagwa m'manja mwa ankhondo a ku Turkey m'caka ca 1453, ophunzira enanso anathawira ku Italy. Anthu acuma monga Cosimo de' Medici, mwini banki wa ku Florence, analipira ogula mabuku ndi owakopera, ndipo m'caka ca 1444 anatsegula nyumba ya mabuku ku San Marco, kuti ofuna kuphunzira akawerenge.

MAKINA OSINDIKIZA

Zonsezi zikadakhalabe za anthu ocepa pakadapanda mmisiri wa zitsulo wa ku Mainz, m'dziko la Germany, dzina lace Johannes Gutenberg. Iye anaumba zilembo zacitsulo, ciri conse pacokha, zoti munthu nkuzisanja, kuzipaka inki, kudinda mapepala mazana, kenaka kuzimasula ndi kuzisanjanso mwa mtundu wina. Pafupi ndi caka ca 1455 anatsiriza kudinda Mabaibulo okwana ngati 180, pamene wolemba ndi manja anali kutha caka kapena kuposa pa limodzi lokha. Pofika 1500 makina otere anali m'mizinda yoposa 200, ndipo mabuku anali atafika mamiliyoni.

Za malimidwe sizinatsalire m'mbuyo. M'caka ca 1471 ku Augsburg anadinda buku la Pietro de' Crescenzi, mwini minda wa ku Bologna. M'caka ca 1472 ku Venice anadinda pamodzi mabuku anai a alimi a Ciroma: Cato, Varro, Columella ndi Palladius. Pambuyo pace anayamba kudinda m'zinenero za anthu wamba, osati m'Cilatini mokha, ndipo m'caka ca 1523 linaturuka buku la malimidwe m'Cingelezi.

Makinawa anacita cinthu cina cimene sitifulumira kuciganizira. Anthu a m'maiko osiyana tsopano anali ndi buku lofanana, tsamba ndi tsamba. Wina akapeza colakwa, ankatha kulembera mnzace kuti, Taona tsamba lakuti-lakuti, ndipo podindanso anali kucikonza.

AMISIRI APHUNZITSA MASO

Oyamba kuphatikiza zakale ndi kupenya kwa maso anali amisiri a manja. Ku Florence kunali chalichi cacikuru cimene cinakhala zaka zambiri cosatseka pamwamba, popeza panalibe wodziwa kumanga denga lozungulira pa mpata wa mayadi pafupi-fupi 50. Filippo Brunelleschi, amene nchito anaiyambira pa kusula golidi, anali atapenyetsetsa mabwinja a ku Roma ndi kuyesa miyeso yace. Koma njira ya Aroma sinakwanira pa nchito imeneyi, ndipo iye anapeza yace-yace: anamanga madenga awiri, lina m'kati mwa linzace, nasanja njerwa mopingasana kuti mzere uli wonse udzigwira wokha, wopanda mitengo yocirikiza kucokera pansi. Anayamba m'caka ca 1420, natsiriza mu 1436. Dengalo, longa mphika wobvundikira, liripobe kufikira lero.

Ojambula naonso anasintha. Anaphunzira kujambula kuti cakutali cioneke kutali, capafupi cioneke pafupi, monga diso lionera. Leonardo da Vinci, amene anabadwa mu 1452 namwalira mu 1519, anatumbula mitembo kuti aone m'mene minofu imagwirira mafupa, ndipo anadzaza mabuku ace ndi zithunzi za madzi oyenda, za mapiko a mbalame ndi za masamba. Mjeremani wina, Albrecht Dürer, m'caka ca 1503 anajambula cibuma ca dothi cokhala ndi udzu wa m'mbali mwa njira. Sanajambula mfumu kapena mngelo, koma udzu cabe. Ndipo anaupenya bwino kotero kuti odziwa zomera amatha kuchula dzina la kaudzu kali konse m'cithunzico.

PAMENE BUKU LINALAKWA

Tsopano tafika pa mtima pa mlandu uja. Anthu anafuna mabuku akale cifukwa anali kuwalemekeza. Koma atawawerenga bwino, nayang'ana zinthu zeni-zeni, anapeza kuti akuruwo naonso anali kuphonya.

Kwa zaka zoposa 1,000 asing'anga anatsata Galen, Mgriki wa nthawi ya Aroma. M'sukulu zao mphunzitsi anali kukhala pa mpando wapamwamba nawerenga buku, pamene wina anali kutumbula mtembo pansi. Andreas Vesalius, mnyamata wa ku Brussels wophunzitsa ku Padua, anatsika pa mpando natenga mpeni yekha. Buku linati nsagwada ya m'munsi ya munthu iri ndi mafupa awiri. Iye anapeza pfupa limodzi. Anapezanso zina zambiri zosiyana, mpaka anazindikira cifukwa cace: Galen anali kutumbula anyani, nkhumba ndi nyama zina, osati anthu. Vesalius anadinda zimene anaona m'caka ca 1543, ndi zithunzi zojambulidwa mwaluso. Mphunzitsi wace wakale, Jacobus Sylvius, anapsa mtima, nanena kuti Galen sangalakwe, koma matupi a anthu ndiwo anasintha! Caka comweco linaturuka buku la Nicolaus Copernicus wa ku Poland, lonena kuti dziko ndilo lizungulira dzuwa.

Mboni ina yotsutsa mabuku inaturuka m'munda. Christopher Columbus atafika ku America m'caka ca 1492, zombo zinayamba kubwera ndi mbeu zacilendo: cimanga, mbatata, mtedza, fodya, tsabola ndi zina. Ophunzira anafunafuna m'buku la Dioscorides, Mgriki amene analongosola zomera pafupi-fupi 600, koma cimanga munalibe. Akadacilemba bwanji cinthu cimene sanacione? Panalibe kucitira mwina koma kubzala ndi kupenya. Leonhart Fuchs, sing'anga wa ku Germany, analemba amisiri kuti ajambule zomera zamoyo, ndipo m'buku lace la 1542 muli zithunzi ngati 500, cimanga ciri pomwepo ndi ngaiyaye zace. Komabe iyenso anaphonya, pakuti anaciyesa mbeu yocokera ku Turkey, ndipo ena anamkonza pambuyo pace. Ku Pisa m'caka ca 1544 ndi ku Padua mu 1545 anatsegula minda ya sukulu, kuti ophunzira aone comera ceni-ceni ndi kucifanizira ndi mau a m'buku. Munda wa ku Padua ulipobe pamalo pace pomwepo.

NZERU ZIFIKA KU MUNDA

Ndichule anthu atatu amene anatengera mcitidwe umenewu ku nthaka.

Woyamba ndi Camillo Tarello, mlimi wa ku Lonato, kumpoto kwa Italy. Anawerenga Columella, nayesanso m'munda mwace. M'buku lace la 1567 analangiza kugawa munda panai: cigawo cimodzi cokha tirigu, ziwiri msipu wa banja la nyemba umene Angelezi amaucha clover, cacinai kucigoneka ndi kucitembenuza kawiri-kawiri, ndi kumasinthanitsa caka ndi caka. Msipuwo udyetsa ng'ombe, ng'ombe zipatsa manyowa, ndipo tirigu wa malo ocepa abereka koposa. Ocepa anamtsata iye ali moyo, koma kasinthasintha wa mbeu ndi msipu ndiye anadzakweza zokolola za ku Ulaya m'zaka mazana otsatapo. Cifukwa cace ceni-ceni cinadziwika mocedwa, m'caka ca 1886, pamene Ajeremani awiri, Hellriegel ndi Wilfarth, anaonetsa kuti timatuza ta pa mizu ya mbeu za banja la nyemba ndito tikoka cakudya ca mbeu kucokera mu mpweya. Zulani mtedza kapena nandolo, mudzationa. Pamenepa Columella ananena zoona, ngakhale sanadziwa cifukwa cace.

Waciwiri ndi Bernard Palissy, woumba mbiya wa ku France, wosadziwa Cilatini kapena Cigriki. M'caka ca 1563 analemba kuti mbeu imacotsa mtundu wina wa mcere m'nthaka, ndipo kuthira manyowa ndiko kubweza cimene cinatengedwa. Anadzudzula alimi ounjika manyowa pa mtetete, pamene mvula imawatsuka, madzi akuda aja nathawira kumtsinje pamodzi ndi mphamvu yonse. Munthu ameneyu anafera m'ndende ku Paris cifukwa ca cipembedzo cace.

Wacitatu ndi Jan van Helmont wa ku Brussels. Iye anafuna kudziwa kumene mtengo umatenga thupi lace. Anaumitsa dothi, naliyesa pa sikelo, mapaundi 200, nabzalamo kamtengo ka msondodzi ka mapaundi 5, namathirira madzi okha. Zitapita zaka 5 mtengowo unalemera mapaundi 169, koma dothi linacepa ndi maaunsi 2 okha. Iye anati tsono mtengo ndi madzi basi, ndipo pamenepo analakwa, popeza tsopano tidziwa kuti masamba amatenganso mpweya ndi mphamvu ya dzuwa, ndipo mizu imatenga mcere pang'ono m'dothi. Koma cifukwa anayesa ndi sikelo nalemba ziwerengero zace, zimene zinadindidwa mu 1648, obwera m'mbuyo anatha kuona pamene anaphonyera.

MBALI YINA YA MBIRIYI

Ndikadakunamizani ndikadati nyengo imeneyi inakomera onse. Alimi wamba ambiri a ku Ulaya anakhalabe osadziwa kuwerenga, olima minda ya eni ace, ndi obvutika ndi njala. Nkhondo za cipembedzo zinapha anthu osawerengeka. Galileo, amene anapenya kumwamba ndi galasi loonera kutali nabvomereza Copernicus, anaimbidwa mlandu ku Roma m'caka ca 1633, natsiriza moyo wace ali wotsekeredwa pakhomo pace.

Ndipo zombo zomwe zija zinatengera Africa cisoni cacikuru. M'caka ca 1444, pa doko la Lagos m'dziko la Portugal, anagawana anthu oposa 200 ogwidwa ku Africa, ndipo malonda oipawo anakula kwa zaka mazana. Vasco da Gama anafika pa cisumbu ca Mozambique mu 1498, ndipo zisanathe zaka 50 Apwitikizi anali atakhala ku Sena ndi ku Tete, m'mbali mwa Zambezi, moyandikana ndi dziko la Amaravi. Mbeu za ku America zinalowa mu Africa ndi malonda a zombo a masiku amenewo, ndipo zinayenda pang'ono-pang'ono, mudzi ndi mudzi. Makolo athu, amene nsima yao inali ya mapira, mawere ndi mcewere, sanalandira cimanga cifukwa ca buku kapena lamulo ai. Anacibzala, nacipenya, nacifanizira ndi mbeu zao, ndipo panapita zaka mazana cisanapambane mapira. Iwonso anali kuweruza ndi maso.

CIWERUZO CA MLANDU

Nanga mlandu uja unatha bwanji? Anthu a nyengo imeneyo sanataya akuru ao. Anakwera mapiri kukafuna mau ao, nawapukuta pfumbi, nawadinda kuti asatayikenso. Mau a akuru akoma akagonera, ndipo a Columella anagonera zaka zoposa 1,000 nakomabe. Koma sanawasandutsa mpanda wotsekereza maso. Liu liri lonse analitengera ku munda, ku mtembo, ku sikelo. Lopezeka loona analisunga. Lopezeka lolakwa analikonza. Ndipo okonzawo naonso anakonzedwa ndi ana ao. Wokana kufunsa akuru akadataya Columella. Wokana kupenya akadakhala ngati Sylvius, wonena kuti nsagwada za anthu ndizo zinasintha.

Inu mafumu, m'midzi mwanu muli nkhalamba zodziwa maina a mitengo, mitundu ya mapira, ndi udzu umene umasonyeza nthaka yabwino. Nzeru zimenezo ziri ngati mabuku aja a pansi pa nsanja, koma kusiyana kwace nkwakuti buku limadikira, pamene nkhalamba siidikira. Uzani ana a sukulu akhale nao pansi, afunse, alembe. Ndipo zimene alembazo, pamodzi ndi zimene mumamva kwa ife alangizi, muziyese pa mizere iwiri kapena itatu, ndi kuwerenga madengu pokolola.

Nthawi yathu yatha.